Amuna Anga Alemba Paokha

Darlene Kovar analowa mu ofesi mwanga ali chivalire epuloni ya kukhitchini ya kusukulu, jekete atangoiponya paphewa. Kunja kunali kamphepo kaja ka mu Malichi koluma makutu, koma iye thukuta linali kamukamu. Moni sanapereke. Anagwira m'mphepete mwa desiki yanga ndi manja onse awiri.

"Loretta, Wendell ali moyo."

Ndine Loretta Brandt, wofufuza milandu pa polisi ya ku Elk Fork, ndipo mawu amenewo sanali achilendo kwa ine. Chisowereni mwamuna wa Darlene zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, anthu anali atamuonapo ku Texas akupapira mowa, ku Omaha akuyendetsa thiraki, wina mpaka analumbira kuti wamuona pa kanema ali m'khamu loonera mpira. Kuno ku Nebraska, m'dziko la America, chimanga chikalowa m'nkhokwe, imene imatsala ndi ntchito ya pakamwa. Koma Darlene mwini wake anali asanabwerepo ndi mphekesera ngakhale kamodzi. Tinaphunzira limodzi kuyambira tili tiana, ndimamudziwa. Ndinamukokera mpando.

"Wamuona kuti?"

"Sindinamuone. Walemba fomu ya msonkho."

"Takhala pansi kaye, iwe. Uyambire poyambira."

"Ndikuchokera kwa a Hollis, olembera anthu msonkho aja. Fomu yanga ya chaka chino makina aikana. Akuti pa nambala ya boma ya Wendell wina walemba kale. A Hollis aimba foni, adikira m'mawa wonse, ndiye awauza kuti wolembayo wanena kuti ndi wokwatira. Dzina langa waikapo, nambala yanga waikapo. Koma walemba payekha."

Mawu omalizawo anatuluka mothyoka. Ine chimene chinandigwira ndi china.

"Fomu yako ikukumana pati ndi nambala ya Wendell?"

"Timalemba limodzi."

"Iwe ndi ndani?"

"Ndi amuna anga. Ndaninso wina?"

"Darlene, fomu yolembera limodzi amasaina anthu awiri."

Anayang'ana manja ake, ofiira ndi madzi otentha a m'mapoto. "Ndinakhala naye zaka makumi atatu. Ndimadziwa mmene amakhotetsera dzina lake."

Zinandikwiyitsa, sindibisa. Munthu wanzeru zake, wopemphera, chaka ndi chaka kumasaina dzina la mwamuna amene anasiya galimoto yake pa depoti ya mabasi ku Grand Island, makiyi ali pansi pa mpando, n'kupita osatsanzikana ndi galu yemwe. Nthawi imeneyo ine ndinali wapolisi wapamsewu, mlanduwo sunali wanga, koma ndikukumbuka mmene unatsekedwera: munthu wamkulu, magazi palibe, galimoto pa depoti. Tauni yonse inavomereza kuti Wendell wathawa banja, ndipo amayi a kutchalitchi ankamumvera Darlene chisoni chija chofuna kudziwa zambiri.

"Ukudziwa kuti zimene ukundiuzazi ndi mlandu?"

"Undimange, palibe kanthu. Koma uyambe wamupeza. Sindikuti abwerere ngati sakufuna. Ndingomufunsa chinthu chimodzi, kuti ndinamulakwira chiyani. Zaka zonsezi ndakhala ndikufufuza m'mutu mwangamu, Loretta, sindikuchipeza."

Ukali wanga unathera pomwepo. Ndinatenga makiyi a galimoto.

* * *

A Hollis Tegeler amalembera anthu msonkho m'kachipinda kamene kale kanali kometeramo tsitsi, ndipo galasi lalikulu likadali pakhoma. Anali aphunzitsi athu a masamu. Mpaka lero sayankha funso asanalikonze kaye mmene linayenera kufunsidwira.

"Funso si lakuti ndinkadziwa chiyani, Loretta. Funso ndi lakuti ndinkaona chiyani. Ndinkaona siginecha ziwiri."

"Aphunzitsi, tauni yonse ikudziwa kuti munthuyo anasowa."

"Ankatenga pepalalo kupita nalo kunyumba, m'mawa mwake n'kubwera nalo losaina. Ine sindine wapolisi." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Komabe ndinamuuza. Chaka choyamba chomwe ndinamukhazika pampando wakhalawo. Ndinati, mwana wanga, anthu okwatirana lamulo limawapatsa njira ziwiri. Mukalemba limodzi, msonkho umatsika, koma mwamangana miyendo: wina akanama, muyankha nonse. Mukalemba aliyense payekha, mulipira zambiri, koma aliyense asenza katundu wake. Iweyo mwamuna wako palibe, lemba pawekha, ndiyo njira yoongoka."

"Iye anati chiyani?"

"Anati, 'Tsiku limene ndidzalembe pandekha ndiye kuti ndavomera.' Ndinamufunsa kuti kuvomera chiyani. Anangonyamula chikwama chake n'kutuluka."

"Mwina ankangofuna kuti msonkho utsike."

"Pa kamalipiro ka kukhitchini? Iwe masamu sunkawakonda, ndikukumbuka bwino. Zimene ankapulumutsa sizingagule ndi matayala omwe."

Ndinawalekerera, ndi akulu. "Nanga uyu walemba panoyu? Si akuba aja amatola manambala a anthu?"

Apa anadzuka pampando, chala m'mwamba, ndipo ndinadziwa kuti phunziro layamba.

"Ganiza. Mbava imalemba kuti siili pabanja, imapeka ana atatu, boma liibwezere ndalama zambiri, kenako zii, yasowa. Kulemba kuti ndiwe wokwatira koma ukulemba pawekha ndiyo njira yodula kuposa zonse. Mbava yanji ingasankhe kuluza? Chachiwiri, pamafunika nambala ya mkazi. Nambala ya Darlene timaidziwa atatu: ine, iye mwini, ndi Wendell."

"Ndiye mukuti ndi iyeyo?"

"Sindinatero. Ndikuti chiyambireni ntchito imeneyi, amuna osankha njira imeneyo ndawaona amitundu iwiri. Ena amakhala akuthawa mkazi. Ena amakhala akumutchinga ku chinachake chimene iwo achita."

* * *

Royce Kovar, mng'ono wake wa Wendell, ndinamupeza pafamu ya makolo awo akuwotcherera geti la khola. Famuyo ankalima awiri, tsopano anatsala yekha ndi ng'ombe zake, mkazi sanakwatirepo. Pa mafunso a apolisi nthawi ija, iye ndiye ananena kuti m'mawa wa tsiku losowalo Wendell sanafike kuntchito, ndipo masana ake anthu ambiri anamuona Royce kumsika wa ng'ombe. Chichokereni mkulu wake, chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chikagwa amayamba kuchotsa cha pakhomo pa Darlene asanakhudze cha pake, ndipo akapha ng'ombe mwendo umodzi umapita kwa mlamu wakeyo. Anthu amamutama kwambiri.

Anakweza chotchinga kumaso. "Ah, boma lafika. Ng'ombe zanga zalowanso mumsewu?"

"Wendell walemba msonkho chaka chino."

"Zosatheka."

Anayankha ine ndisanatseke n'komwe pakamwa. Kenako anaika chitsulo pansi pang'onopang'ono n'kuseka kaseko kouma.

"Ndikutanthauza kuti achimwene aja fomu ankaiopa kuposa njoka. Ndi tiakuba ta pa kompyuta timeneto. Mukamuuze mlamu asadzivutitse."

"Wakuba wadziwa bwanji nambala ya Darlene?"

"Ndine mlimi ine, abwana. Mundifunse za chimanga, ndikuyankhani mpaka dzuwa kulowa."

"Tsiku lija kumsika wa ng'ombe unapita pa galimoto iti?"

"Zaka zonsezi ndikumbuke galimoto? Chimene ndinadya dzulo chomwe ndaiwala."

Ndinaponya maso uku ndi uku. Nkhokwe zachitsulo zitatu zatsopano, zazitali kuposa nyumba, zinkanyezimira kuseri kwa khola. Yachinayi, yakale, inali payokha chakumpoto, makwerero ake atachotsedwa, udzu wouma utafika m'chiuno pakhomo pake. Dzimbiri inalibe, denga linali labwinobwino. Mlimi wa kuno amasunga ndi msomali wopindika womwe, ndiye nkhokwe yathunthu kungoisiya choncho zinandidabwitsa.

"Iyo inalakwa chiyani?"

"Imalowa madzi."

Sanatembenuke kuti aone imene ndikuloza. Anatsitsa chotchinga chija n'kuyambanso kuwotcherera, ine ndikadali chiimire.

Ndili m'galimoto m'pamene ndinazindikira chimene chinkandisowetsa mtendere. Ndinali nditamuuza munthu kuti mkulu wake wosowa mwina ali moyo, ndipo sanandifunse kuti ali kuti.

* * *

Munthu akamalemba msonkho ndiye kuti kwinakwake akulandira malipiro. Mnzanga wa ku ofesi ya zantchito ku Lincoln anandipezera malowo sabata isanathe: fakitale yophera ng'ombe kumadzulo, ulendo wa m'mawa wonse. Wendell Kovar analembedwa ntchito kumeneko chaka chatha, mbali yodula nyama.

Ndinkafuna kupita ndekha, koma ndinali nditawauza a Hollis, ndipo a Hollis pakamwa sipatsekeka. M'mawa wa ulendowo ndinapeza Darlene ataima pafupi ndi galimoto yanga, atavala diresi yabuluu ya kutchalitchi, tsitsi atakonzetsa. M'manja munali chitini cha makolachi, timabanzi tija ta jamu wa mapulamu timene Wendell ankatha tisanafike patebulo.

"Bwerera kunyumba, Darlene."

"Undinyamula kapena ndikutsatire pambuyo. Sankha wekha."

Njira yonse analankhula kawiri kokha. Koyamba anandifunsa ngati wakalamba kwambiri. Ndinamuuza kuti tonse takalamba, asadzitame. Sanaseke. Kachiwiri anati, "Wendell kudula nyama? Munthu ankatuluka panja ine ndikamapha nkhuku." Kenako anadziyankha yekha kuti njala imamusintha munthu.

Kufakitale anatilowetsa m'chipinda chodyeramo antchito, matebulo aataliatali, fungo la mankhwala okolopera. Kapitawo anapita kukamuitana. Darlene anaika chitini patebulo, anachichotsa, anachibwezeranso. Anakonza kolala ya diresi.

Chitseko chinatseguka. Analowa kapitawo uja, pambuyo pake bambo wamfupi, wojintcha, wa imvi m'mbali, atavala chovala choyera chothimbirira ndi magazi ndi majombo amphira. Darlene sanamuyang'ane n'komwe. Anasuzumira kumbuyo kwake, kudikira amene akubwera pambuyo.

Chitseko chinadzitseka chokha.

"Wendell Kovar mukumufunayo ndi ameneyu," anatero kapitawo.

* * *

Ndaonapo anthu ambiri akuuzidwa za imfa, koma nkhope ya Darlene tsiku limenelo imandipwetekabe mtima. Sanalire. Anangokhala pa benchi, manja pachitini.

Kapitawo ndinamutulutsa. Bambo wamfupi uja anavula chipewa chake chapulasitiki.

"Ine si wa zolowa ndi kutuluka m'dziko," ndinatero. "Za mapepala anu si zanga. Ndikufuna mwini dzina. Dzina lanu lenileni ndani?"

"Anselmo Tzoc, mayi. Wa ku Guatemala." Ankalankhula pang'onopang'ono, akutola mawu limodzilimodzi. "Sindinabe, mayi. Mulungu akuona. Ndinachita kupatsidwa."

"Munalemberanji msonkho? Mukanangokhala chete, palibe akanadziwa."

"Anandiuzadi kuti ndisalembe. Koma ndikudya m'dziko la eni. Dzina labodza ndi tchimo limodzi kale. Ndiwonjezerenso lina?"

"Nanga bwanji munalemba panokha?"

"Mayi wolemba mafomu kuseri kwa tchalitchi chathu anandifunsa, uli ndi mkazi? Ine ndinati, dzinali lili ndi mkazi. Anati, mukalemba limodzi ulipira zochepa, koma iwe ukadzagwidwa, mkaziyo adzagwidwa nawe. Ndinati ayi. Mayi ameneyo sindimudziwa, sanandilakwire. Zanga zikhale zanga." Anatembenukira kwa Darlene, ndipo ndinaona kuti wazindikira. "Ndinu mayi Darlene? Dzina lanu ndimalitchula popemphera."

Darlene anadzutsa mutu. "Nambala yanga munaipeza kuti, bambo?"

Anselmo anapisa m'thumba lamkati n'kutulutsa kachikwama kachikopa, koda ndi thukuta la zaka zambiri, m'mbali mwake mosokedwa ndi ulusi wobiriwira. Anakaika patebulo ndi manja awiri. Munali khadi la nambala ya boma ya Wendell, ndipo kuseri kwake kunali dzina la Darlene, nambala yake ndi tsiku lake lobadwa, zolembedwa ndi bolopeni.

"Ankaiwala," anatero Darlene motsitsa mawu. "Ulusiwu ndinasoka ndine. Loretta, Wendell sakanakwera basi popanda aka. Kutchalitchi komwe sankapita atakasiya."

"Munakalandira kali chonchi?" ndinamufunsa Anselmo.

"Ndinakapukuta, mayi. Kanali ndi nkhungu. Ndipo m'makona monse munali chimanga, njere zouma, zolowa mpaka mkati mwenimweni. Ndinachotsa ndi singano. Imodzi inakana."

Ndinakatambasula kachikwamako. Inalipodi, njere yachikasu yopanikizika pansi pa msoko. Ndinakulira pafamu ine. Chimanga sichilowa choncho m'chikwama chimene chili m'thumba la munthu, pokhapokha munthuyo atamira m'chimangamo. Darlene naye ndi mwana wa pafamu. Ndinaona maso ake ali panjerepo, ndipo sindinayerekeze kumuyang'ananso.

"Anakupatsani ndani?"

"Ndinawakololera chimanga chaka china. Ntchito ya pafamu itatha, mwana wanga kwathu ankadwala impso, ine ndilibe pogwira. Anandimvera chisoni. Sanandilipiritse kanthu. Anangoti, tenga, mwini wake sadzalifunanso."

"Dzina lawo, bambo Tzoc."

"Bwana Royce."

Darlene anaimirira. Anakankhira chitini chija kutsogolo kwa Anselmo. "Mudye ndi anzanu," anatero, n'kutuluka osatembenuka.

* * *

Ngati Royce ndiye anakasiya galimoto ya Wendell pa depoti, ndiye kuti wina anamubweza kunyumba. Amene ankanyamula ng'ombe kuchokera ku Elk Fork kupita kumsika zaka zimenezo anali awiri. Wina anamwalira. Winayo, Merle Dunkle, ndinamupeza m'mawa mwake ku kafe ya pafupi ndi njanji akumenya makhadi ndi nkhalamba zinzake, khofi ali pambali.

"Taonani mwana wa Brandt," anatero mokweza kuti onse amve. "Bambo ako ankandibera pa makhadi, iwe wabwera kudzandimanga ine?"

"Ndidzakumangani tsiku lina, a Merle. Lero ndikufuna mutu wanuwo. Chaka chimene Wendell Kovar anasowa, munanyamulapo Royce kuchokera kumsika wa ng'ombe?"

"Ndingaiwale? Anandisanzira m'thiraki mnyamata ameneyo. Thiraki yatsopano, mipando ikununkhira kusitolo. Ndinamupeza pageti la msika ku Grand Island akungonjenjemera, akuti galimoto yake yafa, ndimuthandize. Ng'ombe sanagule, sanagulitse, sanayang'ane ndi mchira womwe. Ndinati, iwe, wadzatani kuno, kudzaonetsa nkhope? Zii. Zovala zonse fumbi la chimanga lokhalokha, m'tsitsi, m'makutu."

"Munamutsitsa kuti?"

"Pakhomo pake. Ndiye chondiseketsa, galimoto yakufa ija ndinaipeza ili phee pabwalo. Ndinati ameneyu waledzera mpaka waiwala kuti wapita pa chiyani."

"Linali tsiku liti?"

"Lomwelo. M'mawa mwake ndi pamene tinamva kuti Wendell kulibe."

"Simunauze apolisi bwanji?"

"Anandifunsa ndani? Anafunsa ngati Royce anali kumsika, tonse tinati eya, analipo." Anaika makhadi pansi, ndipo kuseka kunachoka pankhope pake. "Depoti ya mabasi ija ili kuseri kwa msika, eti?"

* * *

Darlene anali akundidikira panja pa kafe. Sindinalimbane nayenso. Ndinangomuuza kuti tikafika akhale m'galimoto.

Royce anali akudyetsa ng'ombe. Ataona amene wakhala kutsogolo kwa galimoto yanga, anazimitsa thirakitala n'kutsika pang'onopang'ono. Ndinamuonetsa kachikwama kaja kali m'pepala lapulasitiki.

"Ndalankhula ndi Anselmo Tzoc. Ndalankhula ndi a Merle. Galimoto yako tsiku lija sinachoke pano, Royce. Ku Grand Island unapita pa ya Wendell."

"Ndinamuuza bambo uja kuti asalembe kalikonse," anatero, osati kwa ine kwenikweni.

"Ndi munthu woona mtima, tsoka lako ndi limenelo. Tiye ku nkhokwe ija."

"Ayi. Kumeneko ayi." Anatsamira tayala la thirakitala. Nthabwala zonse zinali zitamuthera. "Chimanga chinagwira chinyontho n'kuumbana pamwamba. Achimwene anakwera kukachiswa ndi chitsulo. Anandiuza kuti ndisayatse makina okokera chimanga pansi mpaka atatuluka n'kugogoda kukhoma. Ine ndinali nditalawa kale m'mawa umenewo. Ndinamva kugogoda, Loretta. Ndikulumbira, ndinamva. Mwina inali mphepo ikumenyetsa chitseko. Ndinayatsa."

Aliyense wa kuno amadziwa zotsatira zake. Makina akayamba kukoka pansi, chimanga chimamumeza munthu asanamalize n'komwe kukuwa.

"Bwanji sunaimbe foni?"

"Sabata yomweyo tinali titamenyana ku bala pa nkhani yogulitsa munda, anthu akuona. Ndinalankhula zoipa. Ndiye ndiimbe foni ndikununkha mowa, ndinene kuti ndi ngozi? Ndinachita mantha. Ndinati ndikanena mawa. Mawa lakelo linasanduka chaka." Anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete. "Ndinamutulutsa ndekha patapita masiku. Ali kumikungudza uko, kumapeto kwa munda. Kachikwamako ndinalephera kuwotcha. Ndinati mwina dzina la achimwene lingathandizeko munthu wina."

Sindinamve chitseko cha galimoto chikutseguka. Ndinangoona Royce akuyang'ana kumbuyo kwanga.

"Mlamu, ine..."

"Unkabwera kudzandichotsera chipale," anatero Darlene. Mawu ake sanakwere. "Ndinkakuphikira khofi. Unkakhala pampando wake, ine ndikukufunsa ngati anakuuzapo chimene ndinamulakwira. Unkati sukudziwa."

Royce anazolika.

"Undiuze chinthu chimodzi, ndipo usaname. M'mawa umene uja ananenapo za ine?"

Royce anayamba kulira, kulira koipa kwa munthu wosazolowera. "Ankandifulumizitsa. Anati timalize msanga, kukuzizira, galimoto yanu ili kugalaja, akufuna akakutengeni kusukulu musayende wapansi."

Darlene anatsinzina.

"Ndinamudikira pageti," anatero. "Mpaka mlonda anabwera kudzakhoma. Ndinayenda wapansi ndikumutukwana njira yonse."

Ndinamugwira mkono Darlene, koma anauchotsa mofatsa. Kenako ndinamuuza Royce mawu a lamulo amene ndimauza aliyense womangidwa. Ndinamulowetsa Royce kumbuyo kwa galimoto, unyolo sindinamuike.

Darlene anawerama pawindo. "Mtengo wake ndi uti?"

"Wa pafupi ndi mpanda. Ndinaikapo mwala."

Anauyamba yekha wa kumeneko, kudutsa m'ziputu za chimanga, nsapato zikumira m'matope. Ndinayenera kumuletsa, poti malowo tsopano anali a umboni. Sindinamuletse. Atafika pakati pa munda anaima n'kutembenuka, ndipo mphepo inandibweretsera mawu ake.

"Loretta, ukawauze anthu. Ukawauze kuti sanandithawe."